Mwalumikiza kompyuta nokha, mwadina batani, sikirini ili bii: muyambire pati?

Tsiku limene ndinamaliza kulumikiza kompyuta yanga yoyamba, ndinadina batani cha m'ma 9 koloko usiku, mphwanga ataima pambali ndi foni kuti ajambule. Mafani anazungulira, tinyali tinayaka, koma pa sikirini panangobwera mawu akuti "No Signal", kenako kunada bii. M'bokosi limenelo munali ndalama zosunga miyezi 8, ndipo zipangizo zina zinachita kubwera m'chikwama cha alamu anga kuchokera ku Johannesburg, choncho zoti ndikabweze kusitolo panalibe. Tulo sindinationenso. Kutacha ndinapeza kuti RAM imodzi, kathabwa kamene kompyuta imasungapo zimene ikugwira pa nthawiyo, inalowa mbali imodzi yokha, mbali inayo inali m'mwamba pang'ono ngati chitseko chosakhoma. Vuto lonse linali lomwelo.

Chichokereni tsikulo ndakhala ndikuitanidwa kangapo kukaona makompyuta "akufa" a anzanga, ndipo chipangizo chakufadi ndachipeza mwa apo ndi apo. Kawirikawiri pamakhala chingwe chosalowetsa, china cholowetsa polakwika, kapena zinthu ziwiri zimene sizimvana. Chimene chimasokoneza anthu ndi phuma. Munthu amazula RAM, n'kusintha chingwe, n'kuchotsa batire nthawi imodzi, ndiye ikayaka sadziwa chomwe chathandiza, ikapanda kuyaka sadziwanso ngati wawonjezera vuto lina. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Musanagwire m'kati, zimitsani swichi ya kumbuyo, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe. Khudzaninso chitsulo cha kesi, bokosi la kompyutalo, kaye, makamaka nyengo youma mutavala juzi, chifukwa timagetsi ta m'thupi tija timaononga mwakachetechete.

Mawu akuti "sikuyaka" amabisa matenda atatu osiyana, ndiye yambani mwadziwa lanu.

Ikakhala zii, osamveka ngakhale fani

Yambirani pakhoma, ngakhale zikuoneka zachibwana. Masoketi athu ali ndi swichi, mapulagi a mano atatu ali ndi fyuzi m'kati, ndipo ma extension otchipa aja ena mabowo ake amafa limodzilimodzi. Ngati chingwe chinabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya mano obulungira ndipo mwadzera pa adaputa, ikayikireni adaputayo. Bwerekani chingwe cha ketulo kapena cha monita muyesere, n'chimodzimodzi. Kumbuyo kwa power supply, kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kompyuta, kuli swichi yolembedwa I ndi O. Ikhale pa I.

Ma power supply akale ena ali ndi kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno magetsi ndi 230 volts. Mukatenga yochokera ku America ili pa 115 n'kungoilumikiza, mumva kuphulika ndi fungo la chopsereza, ndipo nkhani yathera pomwepo. Zatsopano zambiri zilibe kaswichi kameneka chifukwa zimadzisinthira zokha, koma yakaunjika iliyonse itembenuzeni muone musanayatse.

Zonsezi zikakhala bwino, wopalamula nthawi zambiri ndi timawaya ta kutsogolo kwa kesi. Ndi tating'ono, tolembedwa POWER SW, RESET SW, HDD LED ndi POWER LED, ndipo timalowa pa timapini tothithikana kumunsi kwa motherboard, bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, pamalo amene ena amalemba JFP1, ena F_PANEL, ena PANEL. Kuphonya ndi pini imodzi yokha, batani silichita kanthu. Tsegulani kabuku ka motherboard muone chithunzi chake. Safunsa anadya phula. Kuti mudziwe ngati vuto ndi batani la kesi, zulani kawaya ka POWER SW, tengani sikuludiraiva, mukhudzitse nsonga yake pa timapini tiwiri timeneto nthawi imodzi kwa sekondi imodzi. Batani limagwira ntchito yomweyo basi, yolumikiza timapini tiwirito, ndiye musaope. Ikadzuka, motherboard ndi power supply zili moyo. Dziwaninso kuti POWER SW ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Timawaya ta nyali ndi tomwe timafuna kuti + apite pa +.

Kenako chingwe chachikulu cha mapini 24. N'cholimba, ndipo anthu amachisiya panjira poopa kuthyola bodi. Ikani chala kunsi kwa m'mphepete mwa bodi, kanikizani mpaka kakoloweko kagwire. Pasaoneke mpata.

Ngati kuli zii ndithu, yesani power supply payokha. Zulani zingwe zake zonse pa motherboard, pindani kawaya kopanira mapepala, mulumikize pini 16 ndi pini 17 pa chingwe cha mapini 24. Pa zingwe za mitundumitundu ndi waya wobiriwira ndi wakuda woyandikana nawo. Zikakhala zakuda zokhazokha, werengani motsatira chithunzi cha m'kabuku, osati mongoganizira. Mukayatsa, fani yake izungulire. Ena amakono fani yawo imangogwedezeka kamodzi n'kuima chifukwa sinatenthe, zimenezo si vuto. Koma bokosi la power supply musalitsegule ngakhale pang'ono. Limasunga magetsi oti n'kukugwetsani ngakhale litazulidwa kukhoma.

Ikayaka n'kuzima

Apa siyanitsani kaye. Kompyuta yatsopano kuyaka, kuzima, n'kudziyatsanso yokha kawiri kapena katatu pa ulendo woyamba si chachilendo. Bodi imakhala ikuyesa RAM. Yodetsa nkhawa ndi imene ikugwedeza fani kwa theka la sekondi n'kufa, kapena imene ikungoyaka n'kuzima osalekeza.

Kufa msangamsanga kotero kumasonyeza shoti. Motherboard siyenera kugona pa chitsulo cha kesi. Imakhala pa timiyendo tamkuwa tija, ma standoff, ndipo kalikonse kayenera kulunjika bowo la screw. Kamwendo kotsalira pamalo popanda bowo kamakhudza kunsi kwa bodi. Izi zimachitika kwambiri mukaika bodi yaing'ono ya Micro-ATX m'kesi imene munali bodi yaikulu. Screw yogwera kuseri imachitanso zomwezo. Ipendeketseni kesi mumve ngati muli cholira. Onaninso kachitsulo kotchinga mabowo a kumbuyo: timalilime take timakonda kulowa m'bowo la USB kapena la HDMI poika bodi.

Ngati power supply yanu ndi ya zingwe zochotseka, gwiritsani ntchito zingwe zake zokha. Za kampani ina, ngakhale za mtundu wina wa kampani yomweyo, zimatha kulowa bwinobwino koma mawaya ake anayalidwa mosiyana, ndipo zimapha madisiki osungira mafayilo, hard disk kapena SSD, nthawi yomweyo.

Ikamayaka kwa masekondi 20 kapena mphindi imodzi kenako n'kuzima, ganizirani kutentha. Kunsi kwa cooler yatsopano, imene imaziziritsa purosesa (CPU), ubongo wa kompyuta, kumakhala kapulasitiki koonekera kolembedwa kuti muchotse, ndipo anthu ambiri, ngakhale odziwa, anakaiwalapo. Chotsani cooler muone. Mukatero pukutani thermal paste yakale, kaphala kopaka pakati pa purosesa ndi cooler, ikani yatsopano kukula ngati njere ya nandolo pakati pa purosesa, mumange ma screw mopingasa pang'onopang'ono, osati kumaliza imodzi kenako ina. Waya wa fani yake ulowe polembedwa CPU_FAN.

Mafani akuzungulira koma chithunzi palibe

Ili ndiye vuto lofala, ndipo ndi limene limapweteka mtima chifukwa chilichonse chimaoneka chamoyo. Kuzungulira kwa fani kumangotanthauza kuti magetsi afika. Bodi ikayaka imayamba yadziyeza, imaona purosesa, kenako RAM, kenako chotulutsa chithunzi, kenako disiki. Kuyeza kumeneku ndiye POST, ndipo ikakakamira pa sitepe imodzi siipitirira.

Mabodi ambiri amakono amakuuzani okha pamene akakamira. Fufuzani tinyali tinayi tondondozana, kawirikawiri pafupi ndi chingwe cha mapini 24, tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. A MSI amatitcha EZ Debug LED, a ASUS amati Q-LED. Timayaka motsatana n'kuzima. Kamene katsale koyaka ndiye kakuloza kumene kuli vuto. Bodi ikakhala yopanda tinyali, kasipika kakang'ono kolowetsa polembedwa SPEAKER kamagwira ntchito yomweyo ndi kulira kwake. Kulira kamodzi kwakufupi ndiye kuti zayenda, ndipo tanthauzo la kulira kwina lili m'kabuku. Okonza makompyuta amakhala nato timasipikati tambirimbiri tochotsa m'makesi akale.

Musanatsegule n'komwe, yang'anani kumbuyo. Ngati muli ndi graphics card, khadi yapadera yotulutsa chithunzi, chingwe cha monita chilowe pa khadiyo, m'mabowo a m'munsi ogona chopingasa, osati pa motherboard. Bowo la HDMI la pa motherboard limagwira pokhapokha purosesa ikakhala ndi mbali yotulutsa chithunzi m'kati mwake, ndipo si onse ali nayo. Kwa Intel, dzina likathera ndi F, monga Core i5-12400F kapena i3-10100F, mulibe. Kwa AMD pa soketi ya AM4, malo okhala purosesa pa bodi, n'zotembenuza: Ryzen 5 3600 ndi Ryzen 5 5600 mulibe, koma othera ndi G monga 5600G ndi 3200G muli. Ma Ryzen 7000 ambiri ali nayo, kupatula a F monga 7500F. Ndinaonapo mnyamata atagula Ryzen 5 3600 popanda graphics card, akuti adzagula mwezi wamawa ndalama ikapezeka. Anatha sabata akuzula ndi kubwezera RAM pa kompyuta yabwinobwino.

Monita nayo ili ndi zake. Dinani batani lake musankhe khomo loyenera, HDMI kapena DisplayPort, chifukwa si onse amadzisankhira. Mamonita akale a m'maofesi okhala ndi VGA yokha ndiye amavuta kwambiri. Makhadi a Nvidia kuyambira pa GTX 10 kupita m'tsogolo sanatulutsenso chithunzi cha mtundu wa VGA, ndiye kaadaputa wamba ka DVI kupita ku VGA sikagwira. Pamafunika kosinthadi chithunzicho, ndipo timeneti timagwira njira imodzi yokha. Kuti musataye nthawi, nyamulani kompyutayo mukailumikize pa TV ya pabalaza ndi HDMI.

Tsopano m'kati. Pakona ya kumtunda, kumanzere kwa purosesa, pali bowo la mapini 8, mabodi ena 4. Limenelo ndi la chakudya cha purosesa, ndipo poti limabisala kuseri kwa cooler, oyamba kumene amaliiwala. Mukaliiwala mafani amazungulira ndithu, koma kanyali ka CPU kamayaka. Samalani: power supply ili ndi zingwe ziwiri za mapini 8 zofanana maonekedwe. Cha purosesa chimalembedwa CPU ndipo chimagawika 4 ndi 4. Cha graphics card chimalembedwa PCIe kapena VGA ndipo chimagawika 6 ndi 2. Chikamakana kulowa musachiumirize, mwatenga cholakwika. Graphics card nayo, ngati ili ndi mabowo a magetsi, onse adzaze, ndipo khadiyo ilowe mpaka kakoloweko ka kumapeto kwa slot katseke.

Kanyali ka DRAM kakatsala koyaka, apa ndiye dekhani, chifukwa RAM ndiyo imatenga milandu yambiri. Imafuna mphamvu kuposa momwe munthu woyamba amaganizira. Lunjikitsani kampata kake ndi kachotupa ka mu slot, ikani zala zazikulu kumapeto onse awiri, kanikizani mpaka imveke kuti kha, uku ndi uku. Mabodi ena ali ndi kotsekera mbali imodzi yokha, ndipo mbali yopanda kotsekerayo ndi imene inandigoneka ndi nkhawa usiku uja. Yang'anani cham'mbali ndi tochi ya foni: timizere tagolide tisaoneke.

Pa bodi ya ma slot anayi, RAM ziwiri siziikidwa moyandikana. Mabodi ambiri amafuna slot yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera pa purosesa, zolembedwa A2 ndi B2. Pofufuza vuto, siyani imodzi yokha mu A2. Ikakana, yesani inzake momwemo. Zonse zikakana, yesani slot ina. Mukatero mudziwa ngati yafa ndi RAM kapena slot.

Ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR5, makamaka pa soketi ya AM5, ulendo woyamba bodi imatha mphindi zingapo ikuphunzira RAM, sikirini ili yakuda, kanyali ka DRAM kali koyaka. Ambiri amazimitsa pakatha masekondi 30 poganiza kuti yakanika, ndiye imayambiranso pachiyambi. Isiyeni mphindi 5, ngakhale 10 ngati RAM ndi yambiri. Kathireni tiyi.

Ogula RAM yogwiritsidwapo kale ntchito, werengani chomata. DDR4 ndi DDR5 zonse zili ndi mapini 288 koma kampata kali posiyana, ndiye sizilowerana. Mabodi a Intel a soketi ya LGA1700 alipo a DDR4 ndipo alipo a DDR5, onetsetsani wanu. Msampha weniweni ndi RAM ya maseva, imene imatchipa mokopa ndipo imalowa bwinobwino mu slot. Pa chomata mukaona ngati PC4-2400T-R, chilembo R chimenecho chikutanthauza Registered, ndipo bodi wamba ya kunyumba siidzayaka nayo. Yanu ikhale ndi U pamalo pamenepo.

Pali vuto lina limene simungalione ndi maso: purosesa ndi yatsopano kuposa BIOS, kapulogalamu ka m'kati mwa bodi kamene kamadzutsa kompyuta. Soketi ya AM4 yakhala zaka zambiri, ndiye bodi ya B450 ya 2018 imalandira Ryzen 5 5600 bwinobwino m'soketi, koma siimudziwa mpaka BIOS itasinthidwa. Ngakhale ma B550 oyambirira anatuluka mu June 2020, pomwe Ryzen 5000 anafika mu November chaka chomwecho. Pa katoni fufuzani chomata chakuti "Ryzen 5000 Desktop Ready". Kwa Intel n'chimodzimodzi mukaika purosesa ya m'badwo wa 13 pa bodi ya B660 kapena Z690. Koma soketi ya LGA1151 ndiye yoipa kwambiri: purosesa ya m'badwo wa 8 kapena 9 imakhala bwino m'soketi ya bodi ya H110 kapena B250, koma siigwira, imafuna bodi ya 300 monga H310 kapena B360, ndipo apa kusintha BIOS sikuthandiza. Musanagule, tsegulani tsamba la bodi yanu pa intaneti muone mndandanda wa mapurosesa amene imalola.

Bodi ikakhala ndi kabatani ka BIOS kumbuyo, mwapulumuka, chifukwa imasintha BIOS popanda purosesa kugwira ntchito. Tengani fulashi, muifomate FAT32, koperani BIOS ya bodi yanu yeniyeniyo, musinthe dzina la fayilo. MSI imafuna MSI.ROM, Gigabyte imafuna GIGABYTE.bin, ndipo ASUS imapereka kapulogalamu kotchedwa BIOSRenamer. Lowetsani fulashi m'bowo la USB lozunguliridwa ndi mzere, zingwe za mapini 24 ndi 8 zili zolumikiza, dinani kabataniko, mudikire mpaka kanyali kasiye kuphethira. Magetsi akathima ntchitoyi ili m'kati, bodi ikhoza kusanduka njerwa. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, ine sindisintha BIOS popanda UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi, kapena inveta, ndipo nthawi ya mvula ya ziphaliwali sindiyerekeza n'komwe. Bodi yopanda kabataniko imafuna purosesa yakale yobwereka. Okonza makompyuta amachita zimenezi pa mtengo wochepa.

Yesaninso kufufuta zimene BIOS inasunga, makamaka pa bodi yakaunjika imene mwini wake woyamba anaisintha zambiri. Magetsi atazulidwa, chotsani kabatire kobulungira ka CR2032 kwa mphindi 5, kapena khudzitsani sikuludiraiva pa timapini tolembedwa JBAT1, CLRTC kapena CLR_CMOS.

Purosesa ichotseni pomaliza, zina zonse zitakanika, chifukwa kuichotsachotsa ndi kumene kumapinda mapini. Pa AM4 mapini 1331 ali pa purosesa yeniyeniyo, ndipo paste ikauma, cooler imazuka nayo purosesa pamodzi. Ipotozeni pang'ono uku ndi uku musanakoke. Yang'anani mizere ya mapini moyang'anizana ndi kuwala. Yopindika imodzi kapena ziwiri imawongoka ndi lezala kapena khadi yakale ya kubanki, modekha kwambiri. Pa Intel ndi AM5 mapini ali m'soketi ya bodi, ndi opyapyala ngati tsitsi, ndipo pamene pakunyezimira mosiyana ndi pena ndiye papindika. Amenewo ine sindiwagwira, ndimapititsa kwa okonza mafoni amene ali ndi galasi lokulitsa zinthu. Pobwezera, kakona katatu ka pa purosesa kalunjike kanzake ka pa soketi, ndipo igwere yokha osakanikiza.

Itulutseni muiike pa katoni

Mukazungulira monsemu osapeza kanthu, lekani kuvutika ndi zala m'kesi yothina. Tulutsani motherboard muiike pamwamba pa katoni yake, osati pa kathumba konyezimira kaja. Lumikizani purosesa ndi cooler, RAM imodzi, zingwe ziwiri za magetsi, monita, ndi graphics card ngati purosesa ilibe chithunzi. Disiki ayi, timawaya ta kesi ayi, USB ayi. Yatsani ndi sikuludiraiva. Ikaonetsa chithunzi, vuto lili m'kesi kapena pa chimodzi mwa zimene mwachotsa, ndiye bwezerani chimodzichimodzi mpaka wolakwa adziulule. Ikakanabe, mwatsala ndi zinthu zinayi kapena zisanu zokha zokayikira, ndipo njira ndi kubwereka: RAM ya mnzanu, power supply ya mnzanu. Pobwereka pewani power supply zochotsa m'makompyuta a m'maofesi a Dell ndi HP, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi zingwe zawozawo zosalowa pa bodi wamba.

Masiku ano ndimayamba ndi pa katoni pomwepo ndisanamange screw ngakhale imodzi.

Chithunzi chikabwera koma kanyali ka BOOT kali koyakabe, musadandaule, kakungonena kuti pa disiki palibe Windows kapena Linux. Dinani Delete kapena F2 mulowe mu BIOS. Onani ngati RAM yonse ikuwerengedwa, ngati SSD ikuoneka, ndiponso ngati kutentha kwa purosesa kwakhazikika m'malo mokwera osaima. Disiki ya SATA, yolumikiza ndi chingwe, ikasowa pomwe mwaika M.2, SSD yaing'ono yolowa pa bodi penipeni, onani m'kabuku, chifukwa mabodi ena amatseka mabowo ena a SATA mukagwiritsa slot ya M.2, sunthirani chingwe pa bowo lina. XMP kapena EXPO, imene imathamangitsa RAM pa liwiro lolembedwa pa paketi, muiyatse mutamaliza kuika Windows ndipo mwaona kuti zonse zikuyenda. Mukaiyatsa sikirini n'kudanso, chotsani kabatire kaja, mubwerere mu BIOS, musankhe liwiro lotsikirapo.